Pakati pa chingwe cha kunyumba ndi geti la ku Zomba: lamulo la odwala maganizo ndi ife a kuno ku Mulanje

Mng'ono wanga tinamumanga ndi malegeni, aja timamangira katundu pa kaliyala ya njinga. Ndi mwana wa mayi aang'ono koma tinakulira bwalo limodzi, kudyera mbale imodzi. Unali mwezi wa Januwale, mvula ikugwa ija ya kuno yosadziwa kukata, tiyi atachuluka ku esiteti moti aliyense amafika pakhomo ali wotheratu, iyeyo nkuti atatha masiku anayi osagona olo pang'ono, akungozungulira pabwalo kuyankhula ndi anthu oti ife sitimawaona. Tsiku lachisanu anatenga chikwanje nkukakhala pakhomo pa mayi ake, ati kukubwera anthu odzawapha nde iye akuwalondera. Sanateme munthu ayi. Koma ana anathawira kwa aneba, mayi aang'ono ali mkati akulira osatha kutuluka, ndipo amalume omwe ndi eni mbumba atafika anangoti anyamata mugwireni basi. Tinamugwira anthu asanu. Mpaka pano m'mikono mwake muli zipsera, akatambasula dzanja kuti andipatse moni maso anga amayamba afika pamenepo kenako nkumuyang'ana kumaso.

Ndayambira pamenepa dala, chifukwa nkhani ya lamulo la anthu odwala matenda a m'maganizo ikamakambidwa pa wailesi imamveka ngati ya maloya ndi mabwana a ku Capital Hill, chonsecho usiku umene uja ifeyo, anthu wamba osadziwa za udokotala, ndi amene tinali khothi, tinali polisi, tinalinso chipatala. Tinamulanda munthu ufulu wake popanda pepala lililonse. Wina atandifunsa lero ngati tinalakwitsa ndingayankhe kuti kumugwira kuja kunali koyenera, koma kumusiya masiku atatu ali chimangire mu khitchini ife tikusakasaka ndalama ya galimoto, apo pokha tinamulakwira kwambiri. Ntchito ya lamuloli ndi kuyankha mafunso omwe ife tinasowa wotiyankha usiku uja, kuti munthu akafika poti angadzivulaze kapena kuvulaza ena chifukwa cha matenda, ndani amugwire, amugwire bwanji, apite naye kuti, akhaleko mpaka liti, nanga akabwerako ndani azimuyendera.

Lamulo lomwe layendetsa nkhanizi m'dziko muno kwa zaka zoposa 70 ndi Mental Treatment Act, la chaka cha 1948, nthawi ya atsamunda dziko lino likutchedwa Nyasaland. Taganizani, 1948, mankhwala enieni a misala asanatulukire nkomwe, poti chlorpromazine, yemwe kuchipatala amangoti CPZ, anayamba kupatsidwa kwa odwala cha mu 1952 ku France. Nde lamulo lolembedwa nthawi yoti kulibe mankhwala likanaganiza chiyani kupatula kutsekera? Olo chipatala cha Zomba Mental chomwecho chiyambi chake ndi ndende, odwala misala ankasungidwa mbali ina ya ndende ya Zomba kuyambira 1910, chipatala chapachokha chinadzatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Mtima wa lamulo lija unali woti wodwala ndi vuto lofunika kulichotsa pamaso pa anthu, wapolisi amutenge, majisitireti asaine chikalata, akasungidwe, ngati ali ndi katundu khothi lisankhe womuyang'anira. Mawu a mwiniwake wodwalayo analibe malo enieni. Nchifukwa chake mpaka lero ukauza munthu kuti tikupititsa ku Zomba amamva ngati wamuweruza, ndipo ana akamanyozana kusukulu amati iwe ndi wa ku mento.

Pakatipa dziko linasintha koma lamulo linatsalira. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amanena mu gawo 18 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosamangidwa mwachisawawa, ndipo gawo 19 likuti ulemu wa munthu sungaphwanyidwe, sanalembepo kuti kupatula wodwala mutu. Mu 2009 Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lija amalitchula kuti CRPD, ndipo panganoli limawerengeranso anthu amene akhala nthawi yaitali ndi matenda a m'maganizo. Anzathu anatitsogolera, South Africa inasintha lamulo lake mu 2002, Ghana mu 2012, Zambia pompa mu 2019. Ife bilu yathu inakhala ikulembedwa ndi kukonzedwa kwa zaka zambiri mpaka mu 2025 pomwe aphungu ku Nyumba ya Malamulo anavomereza Mental Health Bill kuti ilowe m'malo mwa lamulo la atsamunda lija. Koma kuvomereza bilu ndi chiyambi chabe, pamatsala ndondomeko zoyendetsera, mafomu, makomiti, kuphunzitsa apolisi ndi manesi, ndi ndalama mu bajeti, ndipo ndi mmenemo momwe munthu wa ku Muloza kapena ku Thekerani angadzaone kusintha kapena ayi.

Mu minibasi nkhaniyi ikabuka anthu amathamangira kunena kuti boma liwachotse m'misika amisalawa asanatiphe. Apa ndimafuna tiimepo kaye. Anthu ambiri odwala matenda a m'maganizo sanamenyepo munthu ndipo sadzamenya, ena mumapemphera nawo, ena amakugulitsani nanazi pa Chitakale inu osadziwa kuti amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Amene anafufuza nkhaniyi m'maiko osiyanasiyana anapeza kuti wodwala matenda aakulu a m'maganizo nthawi zambiri ndi amene amachitiridwa nkhanza, kumenyedwa, kugwiriridwa, kuberedwa, kuposa mmene iye amachitira ena. Ife a kuno sitifunikanso kuuzidwa, tinaona mu 2017 mphekesera za anamapopa zitayamba konkuno ku Mulanje nkufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, anthu anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ndipo mmodzi mwa ophedwa ku Blantyre anali mnyamata wodwala khunyu. Munthu wongoyenda usiku, wosatha kuyankha bwino akafunsidwa kuti ukuchokera kuti, ndi amene amakhala woyamba kugwidwa. Agogo amene mutu wayamba kuiwala chifukwa cha ukalamba akapezeka mmamawa pa khomo la eni atasochera, anthu amati mfiti yagwa pa ndege. Nde tikamati chiopsezo tizidziwa kuti kawirikawiri amene ali pa chiopsezo ndi wodwalayo.

Sindikunena kuti ngozi kwa ena kulibe, ndinachiona chikwanje chija ndi maso angawa. Ngozi imakula matenda akakhala osalandira mankhwala, munthu akamamva mawu omuuza kuti akufuna kuphedwa, makamaka akaphatikizapo chamba kapena kachasu, ndipo amene amavulala kawirikawiri si anthu a mumsika koma mayi ake, mkazi wake, amene amamupatsa chakudya. Komanso pali chiopsezo china chachikulu chomwe sitimachiwerengera mu minibasi muja, cha munthu wofuna kudzichotsera moyo. Ameneyu sakuwa, satenga chikwanje, amangokhala phee, kusiya kudya, kuyamba kugawa zinthu zake. Kwa zaka zambiri gawo 229 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango, lakhala likuti kuyesa kudzipha ndi mlandu, zomwe zimapangitsa mabanja kubisa munthu mmalo mothamangira naye kuchipatala, poopa kuti apolisi amutenga. Ine apa maganizo anga ndi amodzi, munthu amene wapulumuka pa zoterezi afunika nesi, afunika womumvetsera, osati selo.

Tsopano pomwe pali mfundo yovuta kumasula ndi apa. Kodi nkololedwa kumugoneka munthu m'chipatala kapena kumubaya jakisoni iye akukana? Akatswiri enieni padziko lapansi sanamvane. Komiti ya United Nations yoyang'anira pangano la CRPD imati ayi, kutsekera munthu chifukwa cha matenda a m'maganizo, olo mutati ndi woopsa, ndi tsankho, chifukwa munthu wabwinobwino woopsa ngati chidakwa cholusa sitimamutsekera asanapalamule. Mu 2023 bungwe la WHO pamodzi ndi ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu anatulutsa malangizo a kalembedwe ka malamulo oterewa, olimbikitsa maiko kuti asiye njira zokakamiza nkuika mphamvu pa chithandizo cha kumudzi ndi kumuthandiza wodwala kusankha yekha. Mbali inayi madokotala ambiri ndi mabanja amati pali nthawi yomwe matenda amamulanda munthu nzeru zosankhira, ndipo kumusiya ati tikulemekeza ufulu wake nkumutaya. Nchifukwa chake maiko ambiri, olo omwe asintha malamulo posachedwa, anasiyabe kakhomo kololeza kugoneka munthu mokakamiza, koma nkukaikira maloko.

Ine ndili pakati koma ndapendekera uku: kakhomo kameneko kakhalepo, koma kakhale kakang'ono zedi. Mng'ono wanga tsiku lija sakanavomera chilichonse, ankaona ngati ifenso tagulidwa ndi adani ake. Koma ndaonanso mmene mawu oti wapenga amagwirira ntchito ngati chida. Kuno malo ndi ochepa, maesiteti anatenga gawo lalikulu, anthu tadzazana m'tizigawo ting'onoting'ono, boma la Mulanje lokha pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 680,000. Pakakhala mkangano wa munda, kapena kamunda ka tiyi ka makolo, kapena mayi wamasiye amene wakana kuchoka pa nyumba, nkosavuta abale kugwirizana kuti awa mutu sukuyenda. Mkamwini wovuta naye anthu angathe kumunamizira. Lamulo likangoti abale awiri akasaina munthu atengedwe, ndiye kuti tapereka mpeni kwa anthu olanda.

Nde maloko aja ndi otani? Loyamba ndi tanthauzo la chiopsezo. Kuyankhula wekha si chiopsezo, kuvala zachilendo, kutola mapepala pa depoti, kukana kukwatiwa, kusiya tchalitchi, zonsezi si zifukwa zomangira munthu. Malamulo abwino amafuna zinthu zingapo zikumane pamodzi, kuti munthuyo akudwaladi, kuti ngozi ndi yaikulu ndipo ili pafupi kuchitika, kuti panopa sangathe kumvetsa ndi kusankha za chithandizo chake, komanso kuti njira zofewa zayesedwa zakanika. Ndipo womuyeza akhale wachipatala wophunzira, osati mfumu, osati abusa, osati amalume, ngakhale onsewa ali ndi mbali yawo pofotokoza zomwe aona.

Za nthawi ndi zomwe zimandikhudza kwambiri. Ku South Africa munthu akabwera naye mokakamiza amayamba amuyeza kwa maola 72 pa chipatala chapafupi asanagamule zomusunga nthawi yaitali, ndipo masiku atatu amenewa ali ndi nzeru yake. Si aliyense wobalalika amene ali ndi misala. Malungo akakwera ku ubongo munthu amabwebweta nkumamenya anthu, matenda oumitsa khosi amatero, shuga akatsika kwambiri amatero, munthu womwa kwambiri akasiya mowa mwadzidzidzi amayamba kunjenjemera nkumaona zinthu zoyenda pa khoma, wakhunyu akangodzuka kumene pena amasokonezeka, amene ali ndi kachilombo ka HIV matenda ena amatha kulowa ku mutu. Oterewa ukawamangirira kunyumba kapena kuwaponya mu selo kudikira galimoto ya ku Zomba amatha kufa ndi matenda oti akanachizika pa chipatala cha boma ndi mankhwala a masiku ochepa. Palinso amayi amene amasokonezeka patangopita masiku ochepa atabereka, kukana mwana kapena kuopa kuti mwanayo wina amutenga, amenewa ndi odwala ofunika thandizo la changu tsiku lomwelo ndipo ambiri amachira bwinobwino. Ife mng'ono wanga masiku atatu aja mu khitchini palibe anamuyeza olo kutentha kwa thupi. Zikanakhala kuti ndi malungo bwenzi tikunena zina.

Kenako pakhale wina wapadera woyang'ana ngati kusungidwako kukuyenerabe. Ku South Africa komweko kuli mabodi otchedwa Mental Health Review Board, mumakhala wachipatala, wodziwa malamulo ndi munthu wa m'dera, ndipo wodwala kapena abale angathe kukadandaula kumeneko. Tangoganizani, wakuba nkhuku akagwidwa malamulo aakulu a dziko lino mu gawo 42 amati aonekere ku khothi pasanathe maola 48, ali ndi ufulu wa loya, ali ndi ufulu wa belo. Nanga munthu amene sanapalamule kanthu, wangodwala, angasungidwe bwanji miyezi popanda womufunsa kuti kodi inu mukuti bwanji? Koma bodi yotereyi ikakhala ku Lilongwe kokha, yokumana kamodzi pa chaka ndalama za alawansi zikapezeka, mayi wa kuseri kwa phiri sadzaidziwa nkomwe. Iyenera kufikika pa boma, pa foni, m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe. Mabungwe monga Malawi Human Rights Commission ndi Legal Aid Bureau alipo kale, akanatha kumalowa m'mawodi nkumamva okha.

Za apolisi ndinene mwachidule. Ife tinapita kukapempha thandizo pa polisi ina, wapolisi anatilandira bwino ndithu koma anati galimoto ilibe mafuta, ndipo chomwe akanatha ndi kumusunga mu selo limodzi ndi akuba mpaka Lolemba. Amalume anakana. Wapolisi amaphunzitsidwa kugwira wolakwa, nde akakumana ndi munthu wamantha amene akuona adani paliponse, yunifomu ndi unyolo zimangotsimikizira wodwalayo kuti zomwe amaopa zija ndi zoona. Lamulo lingapatse apolisi mphamvu yotenga munthu, koma linenenso kuti akupita naye kuchipatala osati ku selo, ndipo pasanathe maola angati.

Koma abale, zonse ndanenazi ndi za usiku umodzi. Moyo wa wodwala ndi zaka, ndipo ngati lamulo likuthandizadi wodwala timaonera pa zaka zimenezo. Tinagulitsa mbuzi ziwiri nkuchita hayala galimoto mpaka pa chipatala, anamubaya jakisoni anagona, patapita masiku anamutumiza ku Zomba. Kuchoka kuno kukamuona kunali kukwera minibasi mpaka ku Limbe, kutsika nkukweranso ya ku Zomba, kupita ndi kubwera ndalama yoti mayi wothyola tiyi aigwirire ntchito masiku angapo, nde mayi aang'ono anapitako kawiri kokha pa masabata asanu ndi limodzi. Anabwerako ali bwino, wonenepa, wamanyazi, atanyamula kabuku kake ka kuchipatala ndi mapilitsi a mwezi umodzi. Mwezi wachiwiri tinapeza mankhwala. Wachitatu pa chipatala chaching'ono chomwe timapitako anati atha, mukayese pa boma. Wachinayi transipoti inasowa. Mwezi wachisanu ndi chimodzi anayambanso kusagona. Ndiuzeni, pamenepa woopsa ndi ndani, mnyamata amene ankapita yekha kukaima pa mzere kufuna mankhwala ake, kapena shelefu yopanda kanthu ija?

Dziko lonse lino madokotala akuluakulu a matenda a m'maganizo ndi owerengeka pa zala, ngakhale sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS ikuphunzitsa ena. Zipatala zogonekera ndi Zomba Mental ya boma ndi za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ntchito yaikulu m'maboma imagwiridwa ndi manesi ndi makiliniko ofesa ophunzira za maganizo, omwe pena amabwerekedwanso ku mawodi ena chifukwa cha kuchepa kwa anthu. Amenewa akakhala ndi galimoto ndi mafuta oyendera zipatala zing'onozing'ono mwezi ndi mwezi, atanyamula mankhwala monga haloperidol, CPZ, carbamazepine ndi jakisoni uja wa pamwezi wa fluphenazine, anthu ambiri safikanso pa chingwe. Alangizi a zaumoyo amene amayenda kale m'midzi kuyeza ana sikelo akanaphunzitsidwa kuzindikira zizindikiro zoyamba ndi kulondola amene sanabwere kudzabayitsa, ngati mmene amalondolera a TB ndi a ma ARV. Tinakwanitsa pa ma ARV, munthu amalandira pafupi ndi kwawo osadumphitsa, chovuta nchiyani pa mankhwala a mutu omwe ambiri ndi akalekale komanso otchipa?

Pali chinanso chomwe sitimawamvera odwala. Mankhwalawa ali ndi zovuta zake, ena amaumitsa thupi, munthu kumayenda ngati wamangidwa, manja kunjenjemera, dovu kutuluka, tulo tosatha, kunenepa, abambo ena mphamvu za m'nyumba kuchepa. Mng'ono wanga ankati achimwene ndikamwa awa dengu la tiyi sindingadzadzitse, kapitawo andichotsa. Ife tinkangoti imwa basi usativutitse. Tsiku lomwe nesi wina anakhala naye pansi nkumumvetsera, kuchepetsa mlingo nkumuonjezera kapilitsi koletsa kuuma thupi, ndi tsiku lomwe anasiya kubisa mapilitsi kudenga. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, ndipo pa nkhani ya thupi lake wodwala amaona zambiri zomwe ife sitiona. Bungwe la odwala ndi owasamalira la MeHUCA lakhala likunena zomwezi, kuti pokonza malamulo ndi chithandizo eni ake azikhala pa tebulo.

Kutulutsa anthu m'zipatala popanda kukonza kumudzi nakonso ndi ngozi, tisanamizane. Ku South Africa komwe ndayamikira lamulo lawo kuja, mu 2016 boma la chigawo cha Gauteng linachotsa odwala m'zipatala za Life Esidimeni pofuna kupulumutsa ndalama nkuwapereka ku timabungwe tosakonzeka, anthu 144 anamwalira, ambiri ndi njala, ludzu ndi kusasamalidwa. Lamulo labwino linalipo pa pepala. Nde wina akamati odwala azisamalidwa kumudzi ndimavomera ndi mtima wonse, koma ndimafunsa kuti kumudzi kwake ndi ndani, chifukwa pakadali pano kumudzi kumatanthauza mayi mmodzi wokalamba amene wasiya ganyu kuti azilondera mwana wake wa zaka 30. Mabanja oterewa akanaganiziridwa pa mtukula pakhomo, akanaphunzitsidwa mmene ungayankhulire ndi munthu wolusa osamuunjirira, osamutsutsa zomwe akuona, kuchotsa zikwanje ndi mankhwala a mbewu pafupi zinthu zisanafike poipa, ndi kupatsidwa nambala yoti akaimba wina ayankhe.

Za asing'anga ndi mapemphero sindingazidumphe poti ifenso tinapitako, ena m'banja ankati walodzedwa chifukwa anali wanzeru kusukulu, ena ankati anakatenga zizimba nkulakwitsa. Anthu amayamba kumeneko chifukwa ndi pafupi, amalandiridwa mwaulemu, ndipo amapatsidwa yankho la funso loti chifukwa chiyani ineyo. Kupemphera sikulakwika. Cholakwika ndi unyolo, kumenya ati tikutulutsa chiwanda, kumusalitsa kudya munthu wofooka kale, ndi kumuletsa mankhwala. Bungwe la Human Rights Watch mu 2020 linatulutsa lipoti losonyeza kuti kumanga odwala maganizo ndi maunyolo kumachitika m'maiko 60, ndipo ku Ghana boma linaletsa mchitidwewu mu 2017 koma m'malo ena a mapemphero unapitirirabe. Kuletsa kokha sikumasula munthu. Mukamanga mayi amene wamangirira mwana wake pa mtengo wa mapeyala osamupatsa njira ina, mawa adzamumangira mkati mwa nyumba momwe simungaone. Amangidwe ndi amene amachita bizinesi yosunga odwala pa unyolo, koma mabanja apatsidwe pothawira, ndipo asing'anga ndi abusa aphunzitsidwe kutumiza anthu kuchipatala msanga, ena amatero kale.

Amene wapalamuladi mlandu waukulu ali wodwala, nkhani yake imadutsa ku khothi, amayezedwa ngati angathe kuyankha mlandu komanso ngati ankadziwa chomwe amachita. Banja lomwe lataya munthu pa zoterezi ululu wawo ndi weniweni ndipo asauzidwe kuti ingoiwalani poti anali wodwala, ali ndi ufulu wodziwa kuti munthuyo ali kuti ndipo akadzatuluka adzayang'aniridwa bwanji. Koma naye wodwalayo asaiwalidwe pa rimandi zaka ndi zaka kudikira lipoti la dokotala.

Chinthu chimodzi chomwe ndinachikonda nditamva za lamulo la ku India la 2017 ndi choti munthu ali bwinobwino amaloledwa kulemberatu mmene akufuna kudzathandizidwira akadzadwalanso, ndi kusankha yekha munthu womuyankhulira. Kwathu kuno womuyankhulira amangokhala amalume kapena mwamuna wake mwa mwambo, chonsecho pena ameneyo ndi amene sagwirizana naye. Ife tinachita zathu zapakhomo osadikira fomu ya boma. Atachira kachiwiri tinakhala pa khonde ine, iye, mayi aang'ono ndi amalume, ndinatenga kabuku kake ka kuchipatala nkulemba kumapeto kwake zomwe iye amanena. Anati ndikatha masiku awiri osagona musadikire, mundiperekeze kuchipatala olo ndikane. Anati azindiyankhula ndi achimwene okha, anthu asandizungulire. Anati ana muwachotse asandione. Kenako anakhala chete nthawi yaitali akusisita mkono nkuti, ndipo malegeni ayi, ngati zavuta mundikulunge bulangete. Amalume anayang'ana pansi, anati wamveka mphwanga.

Chimphepo cha Freddy chitadutsa mu Malichi 2023, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri nkukokolola midzi kuno ndi ku Phalombe, misewu inaduka ndipo tsiku lake la jakisoni linadutsa. Usiku wachiwiri osagona anabwera yekha kudzagogoda kwanga, kabuku kali m'jumbo kuti kasanyowe, anati achimwene tiyeni mmamawa. Tinayenda wapansi m'matope mpaka pomwe tinapeza kabaza. Pa mzere tsiku limenelo panali anthu ambiri achilendo, amayi oti ana awo anapita ndi madzi, abambo ongoyang'ana kumodzi osaphethira, ndipo nesi anali mmodzi. Jakisoni analipo. Anabayitsa, nesi analemba tsiku la mwezi wotsatira m'kabuku muja, tinagula chinangwa chophika pa geti nkuyamba ulendo wobwerera.